Zitosi za Mbali ya Kumpoto

Chitosi cha mbalame chili ndi mbali ziwiri. Chakudacho ndi chimbudzi. Choyeracho ndi mkodzo, pakuti mbalame sikodza madzi monga ife. Imatulutsa phala loyera la asidi, ndipo phala limeneli silisungunuka msanga m'madzi. Likagwera pagalasi n'kuwombedwa ndi dzuwa limauma ngati simenti. Izi sindinaziphunzire nthawi yomwe ndinkalemba nkhani za kukhoti ku Blantyre. Ndinaziphunzira ku Joni, nditaima m'chidengu chachitsulo cha makina otikweza m'mwamba, mphuno yanga itatsala pang'ono kugunda chitosicho.

Ntchito yotsuka mawindo ndinaipeza nditatopa ndi maganyu a m'magadeni. Kampaniyo inali yaing'ono: mwini wake, amene tinkamuona mwa apo ndi apo, ndi magulu angapo a anthu awiriawiri, gulu lililonse ndi bakhi yake, kagalimoto konyamulira zipangizo. Ine anandiphatikiza ndi bambo wina wa ku Machinga, Msilamu, wamfupi, wa ndevu za imvi, amene anayamba kutsuka magalasi a mu Joni ine ndisanalote n'komwe zokwera basi. Ndinkawatcha akapitawo. Iwo atamva za ntchito yanga yakale anayamba kunditcha atolankhani, ndipo ankatchula mokoka, makamaka ndikagwetsa chinthu.

Pa nyumba zonse zomwe tinkatsuka, yaikulu inali ya maofesi kumapeto kwa Sandton, mbali yoyang'ana ku Marlboro, yosanja, yagalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Gulu lathu linkakhalapo chifukwa cha nyumba imeneyi. Mwini kampani anatiuza mosabisa kuti tikaitaya, bakhi aigulitsa, akapitawo awaika m'gulu lina, ndipo wotsalayo aona yekha kolowera. Wotsalayo ndinali ine.

Kutsuka galasi wamba sikuvuta. Umanyowetsa ndi mopu wa sopo, n'kukoka skwiji, kamphira kochotsera madzi, kuyambira pamwamba mokhotakhota mpaka pansi, n'kupukuta m'mphepete ndi nsanza youma. Chitosi chouma sichimva zimenezo. Skwiji ikafikapo imadumpha n'kusiya mzere. Lezala n'loletsedwa pa nyumba ngati imeneyo, chifukwa magalasi ake ali ndi kachikuto kopyapyala kochepetsa dzuwa, ndipo kakakandika chipsera chake sichichoka. Kupala chitosi chili chouma n'koipa kawiri. M'kati mwake mumakhala timchenga tomwe mbalame imameza kuti tizigaya chakudya, ndipo timeneti timakala galasi ngati sandipepa. Komanso fumbi lake likalowa m'mapapo limadwalitsa. Njira ndi imodzi basi: kuviika nsanza m'madzi ofunda a sopo, kuimata pachitosipo, n'kudikira. Chikafewa umachikankha ndi kapulasitiki, osati kuchipaka, n'kutsukuluza. Chikakana umabwereza.

Podikirapo ndi pomwe pali chilango. Chitosi chouma sichinunkha kwenikweni. Ukachinyowetsa chimadzuka. Fungo lake ndi la khola la nkhuku lodontha nthawi ya dzinja, losakanikirana ndi kena kake kowawasa komwe kamakanirira kukhosi. Madzi ake otuwa amatsikira m'gulovu, n'kulowa m'dzanja la ovolosi, n'kuyenderera mpaka kukhwapa, poti mkono umakhala uli m'mwamba. Mphepo ikatembenuka, timadontho timakubwerera kumaso. Ndinaphunzira kugwira ntchito milomo ili chitsekere ngakhale nditavala masiki. M'takisi yobwerera ku Hillbrow madzulo, woyandikana nane ankatsegula windo ngakhale mu Juni.

Mbalame iliyonse ili ndi kasainidwe kake. Hadida, chimbalame cha mlomo wautali chomwe chimalira ngati chaponda moto, chimasiya chinthu chonga kapu ya phala yoponyedwa mwaukali, koma chimachita kamodzi n'kupita. Timbalame tating'ono timasiya madontho, ndipo nyengo ya mabulosi madonthowo amafiira ngati inki. Nkhunda ndiyo mdani. Chitosi chake si chachikulu, koma nkhunda imabwerera pamalo omwewo, n'kuika chatsopano pamwamba pa chakale, mpaka zitosi zitasanjikizana ngati phula la kandulo.

Mbali zitatu za nyumba ija zinalibe vuto. Ya kumpoto inali tsoka. Kuno dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye galasi la mbali imeneyo limatentha tsiku lonse, ndipo chilichonse chogwerapo chimapsa nthawi yomweyo. Mawindo a nsanjika yapamwamba ankakhala ndi mizere yoyera ndi yobiriwira yotsika kuchokera kudenga ngati wina wakhuthula ndowa ya penti yowonongeka. Tinkathera tsiku lathunthu pambali imeneyo yokha. Tikabwerako ulendo wotsatira tinkapeza ngati sitinagwirepo.

Masiku oterowo chonditonthoza chinali chamasana. Akapitawo nthawi zina ankabwera ndi skafutini ya tinyama tofewa tokazinga ndi anyezi ndi tsabola, timafupa take totafunika. Ankati ndi maunda, ana a nkhunda, ndipo amawapatsa mnzawo wina woweta. Kwathu maunda ndi ndiwo ya mlendo wolemekezeka. Ndinkasamba m'manja kawiri, n'kudya mpaka kunyambita zala.

Tsiku lina mayi woyang'anira nyumbayo, amene tonse tinkamutcha amanijala, anatiitanira m'chipinda cha misonkhano cha pamwamba. Anali munthu wa konkuno, wolankhula Chingerezi chothamanga. Sanatipatse mpando, ndipo sindinamudandaule, poti tinkanunkha. Analoza windo.

"Ichi ndi chiyani?"

"Ndi mbalame, madamu," anatero akapitawo.

"Ndikuona kuti ndi mbalame. Anthu amadyera muno akuyang'ana zimenezi. Lachisanu la sabata yamawa kukubwera eni nyumba. Ndikadzaona kadontho kamodzi, ndiitana kampani ina. Tamvana?"

Tinamvana. Titatsika ndinauza akapitawo kuti kutsuka kokha sikutipulumutsa, tiyenera kudziwa chomwe chikukokera nkhunda pamenepo.

"Eishi, atolankhani," anatero akupinda payipi. "Ife anatilemba kutsuka. Zofufuza munazisiya ku Blantyre."

Koma ndinali nditaona kale zinthu zina. Pakashelefu ka windo lapamwamba ndinkapezapo zibanthu za mazira ndi nthenga zachikasu za maunda, kusonyeza kuti pamwambapo zikuswana. Ndinkapezaponso chimanga chokonola. Nkhunda ya m'tauni imadya zotsala za tchipisi ndi buledi. Chimanga sichimera padenga la Sandton. Wina ankachikweza.

Ife padenga sitinkafikapo, chifukwa makina athu ankatikweza kuchokera pamalo oimika magalimoto. Kiyi wa chitseko cha kudenga ankasunga mlonda wa masana, bambo wachikulire wa ku Ntcheu, wamtali, waulemu, amene ankatilonjera m'mawa uliwonse ngati tili pamsewu wa kumudzi. Nditamupempha kiyiyo, anayang'ana akapitawo. Akapitawo anayang'ana matayala a bakhi.

"Kumwambako kulibe chilichonse, mwana wanga," anatero mlondayo. "Makina a mphepo basi."

"Ndiye tiyeni tikaone makinawo, abambo. Apo ayi ndikapempha kiyi kwa amanijala, tikwere nawo limodzi."

Tinakwera atatu. Fungo linatilandira tili pamasitepe, chitseko chisanatsegulidwe.

Kuseri kwa makina oziziritsa nyumba kunali khola la nkhunda, lomangidwa monga momwe timamangira kwathu: lokwezeka pa nsanamira zinayi, la timabowo tambirimbiri, kungoti m'malo mwa nsungwi ndi udzu linali la matabwa a mapaleti ndi chidutswa cha tenti. Pansi pake panali theka la tayala lodzaza madzi obiriwira. Nkhunda zinali paliponse, pakhola, pamapayipi, ndipo unyinji wake unali utandandalika pakakhoma ka m'mphepete mwa denga, michira ili kunja, pamwamba penipeni pa mawindo athu a kumpoto.

Ndinaponda pansi, buti n'kulowa. Pamwamba zitosi zinali zouma ngati chigumu, koma pansi pake zinali zamadzimadzi, ndipo pomwe ndinaponda panatuluka mphutsi zoyera. Pakona panali liunda lakufa, louma, lophwatalala ngati insoli ya nsapato. Ngalande ya madzi a mvula inali itatsekeka ndi nthenga. Nditagwira nsanamira, utitiri unayamba kukwera m'dzanja langa. Chomwe chinandinyansa koposa chinali chakuti pakamwa pa makina okoka mphepo yolowa m'maofesi panali pomwepo, sefa yake itachita ubweya wa fumbi la zitosi. Anthu a masuti pansipo ankapuma zimenezi tsiku lonse, akudandaula za windo.

Kenako ndinaona pakhoma ndowa yokhala ndi nthenga zonyowa, ndi kampeni. Ndinatembenukira kwa akapitawo.

"Mnzanu woweta uja ndi ameneyu?"

"Nanga mumati ndi ndani?"

"Maunda aja amachokera pano? M'zimenezi?"

"Munkanyambita zala, atolankhani. Sindinamve mukufunsa adiresi."

Ndinapita kuseri kwa thanki ina ya madzi n'kusanza. Nditabwerera, mlonda anandifotokozera modekha, ngati akundithandiza, kuti nyamayo inali yabwinobwino, poti amachinja ndi akapitawo mwa Chisilamu kuti aliyense athe kudya, monga timachitira kwathu pakakhala mbuzi ya ukwati.

"Abambo," ndinatero ndikupukuta pakamwa, "mukudziwa kuti ine ntchito ikundithera chifukwa cha khola lanuli?"

"Ndamva, ndipo pepa. Koma izi sindinaziitane ndine. Zinabwera ziwiri zokha, ine n'kuziwazira chimanga. Zinakhala. Ukudziwa iwe kuti nkhunda sikhala pakhomo pa ndewu. Kwathu ndinali ndi khola. Chaka chomwe ine ndi amayi akunyumba tinkakangana, zonse zinathawa, khola n'kutsala mbee. Ndiye ndili kuno, banja lili kutali, ndikakwera pano n'kuziona zili phee, ndimadziwa kuti kumudzi kuli mtendere."

"Ku Hillbrow nkhunda zadzaza mafulati onse, ndipo anthu amaswana mitu ndi mabotolo Loweruka lililonse."

"Zimenezo n'zam'tauni," anatero. "Zilibe mwambo."

Akapitawo anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinati khola lichoke, apo ayi ndikanena. Mlonda anadziwa kuti amanijala akaona dengalo, iyenso ntchito yatha. Tinagwirizana kuti nkhunda zisamukire ku Marlboro, komwe mlamu wake ankalondera nyumba yosungira katundu yokhala ndi bwalo kuseri.

Tinazisamutsa Loweruka, maofesi ali otseka. Mlonda anaziitana ndi kaluzu, n'kuzitsekera m'khola, ife n'kumazigwira kuziika m'makatoni. Nkhunda yogwidwa imachita chitosi nthawi yomweyo, chotentha, m'manja mwa woigwirayo. Pofika ku Marlboro makatoni anali atafewa pansi, ndipo kumbuyo kwa bakhi kunali koterera. Tinamanganso khola kuseri kwa nyumba ya katunduyo. Ine ndinati zitsekeredwe kwa milungu ingapo, kapena zidulidwe mapiko. Mlonda anakana. Anati nkhunda si mkaidi. Kwawo nkhunda yachilendo amaimwetsa madzi a shuga, ikalawa sichokanso. Anatulutsa kapepala ka shuga m'thumba, n'kuthira m'tayala muja, n'kutakasa ndi chala.

"Shapu," anatero akapitawo. "Zalandira tiyi. Zatsala buledi."

Njira imeneyo mwina imagwira kumudzi, komwe nkhunda yogulidwa imachokera kutsidya kwa mapiri. Ukaima pabwalo la ku Marlboro lija, nyumba za Sandton umaziona ndi maso. Mlamu uja anatsegula khola Lamulungu, monga anamuuzira. Nkhunda zinamwa shuga wawo n'kunyamuka.

Titafika kumayambiriro kwa sabata tinazipeza zonse zitabwerera padenga lija. Popeza khola panalibe, zinalibe kolowa, ndiye zinangokhala pakakhoma kaja kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zikudikira chimanga. Mawindo a kumpoto sindinawaonepo oipa chotero. Shuga uja anali atazitsegula m'mimba, kapena ndi mmene ine ndinaonera, poti zitosi zake zinali zamadzi, zotsika mpaka nsanjika yachiwiri. Ndinakwera m'chidengu n'kuyamba kumata nsanza. Ndili m'kati modikira, china chinandigwera pakhosi, n'kutsikira kumsana m'kati mwa ovolosi. Ndinachimva njira yonse.

Nditatsika ndinavula magulovu n'kuuza akapitawo kuti ndikupita kwa amanijala. Sanaseke ulendo uno. Anati ndidikire, n'kupita kukanyumba ka pageti. Ndinawatsatira.

"Achimwene," anatero kwa mlonda, "njira zatsala ziwiri. Uyu akanena, madamu aitana anthu a mankhwala. Nkhunda zifa ndi poizoni, azitaya m'bini, inunso akuchotsani. Njira inayo ndi mpeni wanga. Sankhani nokha."

Mlonda anavula chipewa, n'kuchiyang'ana m'kati, n'kuchivalanso.

"Zonse?"

"Mukasiya ziwiri, chaka chamawa tidzakhalanso pano."

"Manje ndikauza chiyani mtima wanga?"

Galimoto ina inaliza hutala pageti, mlondayo n'kupita kukakweza chitsulo chotsekera njira. Atabwerera anati tichite madzulo a tsiku lomwelo, anthu akaweruka.

Sizinavute, ndipo kusavutako n'komwe kunaipa. Mlonda anatsegula chitseko cha kachipinda ka pamwamba pa masitepe, n'kuwaza chimanga kuyambira panja mpaka m'kati, n'kuimba kaluzu kake. Zinatsika zonse, zikukankhana, zina zikutera paphewa pake. Anatseka chitseko. Akapitawo anakwinya manja a malaya, n'kuyang'ana kumene amayang'ana popemphera, ndipo pa nkhunda iliyonse ankatchula dzina la Mulungu asanadule. Sanadumphe ndi imodzi yomwe. Mlonda ndiye ankazigwira n'kumawapatsira, osayang'ana.

Ine ndinatenga fosholo. Ndinanyowetsa denga lonse kaye kuti fumbi lisauluke, n'kuyamba kuwola. Zitosi zonyowa zimalemera ngati matope a dambo, ndipo pansi pake simenti inali itadyeka, yofumbutuka. Ndinazilongedza m'mapulasitiki akuda, limodzi n'kuphulika pamasitepe. Ndinatsegula ngalande ndi dzanja, poti fosholo sinkalowamo, n'kutulutsa chinthu chakuda chomwe sindinafune kudziwa kuti chinali chiyani. Ndinatsuka sefa ya makina aja. Pomaliza ndinathira mankhwala ophera tizilombo paliponse, ndi pa mabuti anga omwe. Kunyumba ovolosiyo sindinaichape. Ndinaimanga m'pulasitiki n'kuitaya, ndipo ndinasamba mpaka anzanga a m'fulati anayamba kugogoda chitseko cha bafa.

Nyamayo anaigawa kwa alonda ndi amayi okolopa m'maofesi. Akapitawo anandibweretsera gawo langa m'jumbo. Ndinawauza kuti alichotse pamaso panga. Mlonda nayenso sanatengeko.

Masiku otsalawo tinawathera pagalasi. Zakale zina zinali zitadya kachikuto kaja, moti ngakhale chitosi chitachoka pankatsala chithunzi chake, chotuwa, chooneka dzuwa likapendeka. Pamenepo palibe sopo amene angathandize. Tinapukuta momwe tikanathera, n'kusiya.

Lachisanu lija amanijala anayenda nafe mbali yonse ya kumpoto eni nyumba asanafike. Anaima pawindo la chipinda cha misonkhano, n'kuyang'ana chapafupi, n'kubwerera m'mbuyo, n'kuyang'ananso. Analoza zithunzi zotuwa zija. Akapitawo anati ndi asidi, galasilo linapsa kalekale, ndipo zinali zoona. Mayiyo anagwedeza mutu.

"Mwaona? Zimatheka mukafuna. Mbalame zija mwazitani?"

"Zasamuka, madamu," anatero akapitawo.

Nyumbayo sitinaitaye, ndipo ine ndinakhalabe pa bakhi. Potuluka tsiku limenelo tinaima pageti nthawi yaitali, chitsulo chili chotsitsa. Mlonda anali m'kanyumba kake, foni ili kukhutu, chala china chitatseka khutu linalo, akukuwa monga amachitira anthu oimbira kumudzi.

"Ndati kuli bwino kumeneko? Ayi, palibe chachitika. Ndikungofunsa. Ana ali bwanji? Nanga iweyo, palibe chomwe wandikwiyira?"

Akapitawo anachotsa dzanja pa hutala, n'kuzimitsa injini, ndipo tinadikira mpaka atamaliza.